Excel powerengera malipiro a antchito: yabwino, koma siidziwa malamulo a Malawi

Bizinesi ya antchito osaposa 30, kaya ndi loji, sukulu ya mkaka kapena sitolo ya zipangizo zomangira, siyenera kuthamangira mapulogalamu odula ngati Sage. Excel, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera manambala, imakwanitsa ntchitoyi, bola woiyendetsa adziwe kuti imangowerenga zimene mwailembera, zolondola ndi zolakwika zomwe.

Pa penshoni palibe chovuta. Lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndipo fomyula imodzi ikwanira anthu onse. N'chimodzimodzi ndi 1 peresenti yopita ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Pa PAYE, msonkho wodulidwa pamalipiro, ndi pamene ambiri amagwa. Magawo a msonkhowu amasinthasintha ndi bajeti ya boma, koma anthu amalemba manambalawo m'kati mwa fomyula ya wantchito aliyense. Bajeti ikasintha amakonza mizere ina n'kuiwala ina, ndipo cholakwikacho chimadzaonekera a MRA atabwera kudzafufuza mabuku, chindapusa chitakwera kale. Ikani magawowo patsamba lapadera, fomyula iliyonse izikatenga kumeneko. Tsiku lomaliza kupereka PAYE, lomwe ndi pa 14 mwezi wotsatira, Excel sikukumbutsani.

Pa tchuthi ndi pomwe pulogalamuyi imaonetsa mphamvu, ngati mwaikonza bwino. Employment Act, lomwe ndi lamulo la zantchito, imapereka masiku 15 pachaka kwa wogwira masiku asanu pasabata, ndi 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Fomyula ya NETWORKDAYS, yowerengera masiku ogwira ntchito, imachotsa Loweruka ndi Lamlungu, choncho kwa wogulitsa m'sitolo amene amagwira Loweruka imawerenga molakwika. Gwiritsani ntchito NETWORKDAYS.INTL ndi nambala 11, yomwe imachotsa Lamlungu lokha. Maholide adziko muwalembe nokha pamndandanda: pa 15 January, 3 March, 14 May, 6 July, 15 October ndi ena onse, osaiwala Isitala ndi Eid zomwe zimasuntha chaka ndi chaka. Mukapanda kutero, tsiku la Chilembwe lidzadulidwa patchuthi cha munthu, iye n'kukadandaula ku ofesi ya zantchito, ndipo mlanduwo udzamukomera.

Kanthu kena kakang'ono koma kowawa ndi manambala a foni. Mukalemba nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, Excel imadya ziro wa kumayambiriro, 099 n'kusanduka 99. Musanalembe kalikonse, sinthani mzere wonsewo ukhale Text.

Chofooka chachikulu ndi chinsinsi. Protect Sheet imangoteteza mafomyula kuti wina asawafufute mwangozi. Malipiro a aliyense amaonekabe. Tsekani failo yonse ndi Encrypt with Password, ndipo isamayende pa flash kapena pa WhatsApp, chifukwa malipiro a mnzake akangodziwika, pantchito pamayamba manong'onong'o. Komanso failo yosungidwa pakompyuta imodzi sionetsa amene anasintha nambala, pamene ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito, chimene chimafunika ndi umboni. Choncho mwezi uliwonse sindikizani mapesilipi, wantchito asaine, failo ya mweziwo muisunge ngati PDF.

Antchito akachuluka, ena akugwira mashifiti ausiku, ena ovataimu ya patsiku lopuma yomwe imalipidwa kawiri, ena akubweza ngongole ya kukampani, mafomyula amapiringizana moti wokonza failoyo akachoka ntchito wolowa m'malo mwake amasowa poyambira. Pamenepo ndi bwino kugula pulogalamu ya malipiro kapena kupereka ntchitoyo kwa akauntanti.