Kusonkhanitsa ndalama zakale za Aroma: sestertius kapena timakobidi ta Constantine, muyambe ndi ziti?

Sestertius ndi yokongola, palibe angakane, khobidi lalikulu lolemera magalamu 25 kapena kupitirirapo, nkhope ya mfumu ya Aroma ngati Trajan kapena Hadrian imaoneka mpaka tsitsi ndipo kumbuyo nthawi zambiri kumakhala zilembo za SC, kutanthauza kuti nyumba ya malamulo ya Aroma inavomereza. Koma mtengo wake aaa, komanso mafeki alipo ambiri, ena amachita kuisema ndi kachitsulo kuti zilembo zofufutika zionekenso, munthu woyamba kumene sungazindikire msanga.

Ine ndimati yambani ndi timakobidi ta mkuwa ta zaka za m'ma 300 AD, ta mfumu Constantine ndi ana ake. N'totchipa chifukwa anapanga tambirimbiri. Tengani kagalasi kokulitsa zinthu muyang'ane kumbuyo, asilikali awiri ataima ndi mikondo, mawu akuti GLORIA EXERCITVS, ndiye pansi pa mapazi awo pali tizilembo tosonyeza mzinda umene kakhobidiko kanapangidwira, SIS ndi Siscia, TR ndi Trier, CONS ndi Constantinople. Apa mpamene pamakoma! Vuto lake nkhope za anawo zimafanana kwambiri, Constantius ndi Constans muziwerenga dzina bwinobwino.

Zonse ziwiri chonde osakwecha ndi sitiliwulu, kobiriwira kapamwambako ndi kamene ogula amafuna.