Ryzen 5 5600 ndi Radeon RX 6600: zimene ndaona chaka chathunthu chitatha

Kompyuta yoyamba imene ndinalumikiza ndekha yakwanitsa chaka tsopano ili patebulo m'chipinda mwanga kuno ku Chilomoni, choncho ndingathe kunena za iyo mtima uli m'malo, osati ndi chimwemwe cha sabata yoyamba chija. Purosesa yake ndi AMD Ryzen 5 5600, graphics card (khadi lotulutsa zithunzi) ndi Radeon RX 6600. Zina zonse ndinazisankha poyang'ana ziwirizi: motherboard ya B550, RAM ya DDR4 yokwana 16 GB, SSD ya 1 TB ndi power supply ya 550W. Nditati ndiyambirenso lero ndi ndalama zomwezo, ndingagulenso ziwiri zomwezi osaganiza kawiri.

Chimene ndinkafuna chinali chochepa: kusewera EA Sports FC ndi anzanga Loweruka masana, Counter-Strike 2 usiku, GTA V ndikafuna kupumitsa mutu, zonse pa 1080p popanda chithunzi kudukaduka. Ndinasunga ndalama miyezi yambiri, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mndandanda wanga woyamba unangofera papepala. Ndinali nditalemba zipangizo za soketi ya AM5 (soketi ndi malo olowamo purosesa pa motherboard), zimene zimafuna RAM ya DDR5 yokha komanso motherboard yodula. Ndinabwerera ku AM4, soketi imene yakhalapo kuyambira 2016, ndipo zipangizo zake n'zambiri pamsika. Alamu anga a ku Johannesburg ndiwo anandigulira purosesa, khadi ndi motherboard, n'kubwera nazo pabasi kudzera pa Mwanza, zili m'mabokosi ake, zokulungidwa m'zovala pakati pa chikwama.

Pa purosesa ndipo ndinakhalitsa kwambiri, chifukwa pali ziwiri za maina ofanana zimene zimasokoneza anthu ambiri oyamba kumene. Pali 5600 ndipo pali 5600G. Zonse zili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, zonse ndi za 65W. Ya G ija imatha kutulutsa yokha chithunzi popanda graphics card, ndipo mnzanga wina ankandiumiriza kuti nditenge imeneyo, kuti mwina khadi litachedwa ndizitha kuyatsa kompyuta. Maganizo ake anali abwino. Koma 5600G ili ndi L3 cache (memory yachangu ya m'kati mwa purosesa) ya 16 MB pamene 5600 ili ndi 32 MB, ndipo magemu amaikonda kwambiri cache. China n'chakuti 5600G imathera pa PCIe 3.0 (PCIe ndi njira zolumikizira khadi ndi purosesa), pamene 5600 imafika pa 4.0. Izi zili ndi kanthu pa RX 6600, chifukwa khadi limeneli limagwiritsa ntchito njira 8 zokha za PCIe, osati 16, ndiye liwiro la njira iliyonse limawerengedwa. Ngati mukudziwa kuti khadi mugula tsiku lomwelo, tengani 5600. Ngati khadi mudzaligula chaka chamawa, apo 5600G ikuthandizani kuti musakhale ndi bokosi losayaka.

Fani imene imabwera m'bokosi la purosesa, ya Wraith Stealth, ndi imene ndikugwiritsabe ntchito mpaka lero. Inabwera ndi phala lake loziziritsa lopakidwa kale kunsi, ndipo ndalama imene ndikanagulira ina ndinaiwonjezera pa SSD.

RX 6600 ndinaikonda makamaka chifukwa cha magetsi, ndipo wokhala kuno andimvetsa. Khadi limeneli limadya 132W basi, ndi waya mmodzi wa mapini 8. Mukaphatikiza ndi purosesa ya 65W ndi zina zing'onozing'ono, kompyuta yonse imakhala yopepuka moti UPS (batire yothandiza magetsi akathima) yapakatikati imainyamula pamodzi ndi monita. Magetsi akathima gemu ili mkati, ndimakhala ndi mphindi zokwanira kutuluka bwinobwino ndi kuzimitsa, m'malo moti makina afe mwadzidzidzi SSD ikulemba. Mnzanga uja anagula khadi lakale lamphamvu kwa munthu wina, lofuna mawaya awiri, ndipo UPS yake imalira n'kuzima nthawi yomweyo. Pogula UPS muziyang'ana ma watt, osati VA yokha imene amailemba ndi zilembo zazikulu pabokosi; ma watt enieni amakhala ochepa kuposa nambala ya VA. Ngati thumba likulola, tengani ya pure sine wave, chifukwa ma power supply ambiri a masiku ano amagwirizana nayo bwino.

M'magemu mwenimweni khadili silinandichititsepo manyazi. Monita yanga ndi ya 75Hz (zithunzi 75 pa sekondi), ndipo mpira ndi Counter-Strike 2 zimaidzaza mosavuta. GTA V imayenda myaa zinthu zambiri zili pa High. Ndinayatsanso mu BIOS (mosinthira makonzedwe a motherboard) Smart Access Memory, yolola purosesa kufikira memory yonse ya khadi, imene imagwira ntchito mukaphatikiza Ryzen 5000, khadi la RX 6000 ndi motherboard ngati yangayi; pamafunika kuyatsa Above 4G Decoding ndi Resizable BAR. Malire a khadili ndi odziwika, ndipo ndinawadziwa ndisanagule: ili ndi khadi la 1080p lokhala ndi 8 GB, ray tracing (kuonetsa kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni) si ntchito yake yeniyeni, ndipo wofuna 1440p pa magemu olemera atsopano ayang'ane la pamwamba pake.

Pamene ndinalakwitsa ndi pa power supply, ndipo ndikufuna munthu wina asadutse m'njira yomweyi. Ndalama zitatsala pang'ono kutha, ndinagula yotchipa m'shopu ina m'tauni, yopepuka ngati mulibe kanthu m'kati, yolembedwa 600W koma yopanda chizindikiro chilichonse cha 80 Plus, chimene chimasonyeza kuti inayesedwa ndipo sitaya magetsi ambiri. Pa intaneti ndi pa Word zonse zinali bwino. Ndikangoyatsa gemu, pakatha kanthawi kompyuta inkazima n'kudziyatsanso yokha. Ndinataya masabata awiri ndikukayikira RAM, madiraiva, mpaka khadi lenilenilo, mtima uli m'mwamba poganiza kuti ndibweza bwanji katundu ku Johannesburg. Nditabwereka power supply ya mnzanga tsiku limodzi, vuto linatheratu. Ndinagula ya 550W ya 80 Plus Bronze ya kampani yodziwika, ndipo chiyambire pamenepo sizinachitikenso. AMD imanena kuti 450W ndi yokwanira pa khadi limeneli, ndiye vuto silinali nambala, koma kuti nambala ya pa chinthu chotchipa chija inali yabodza. Ichi ndi chipangizo chimene chikafa moipa chingathe kupita ndi zinzake zonse.

Kanthu kakang'ono: waya wa magetsi wochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pamene masoketi athu ndi a mano a makona. Musavutike ndi ma adaputa ogwedera. Waya wa kompyuta wa pulagi yathu amapezeka paliponse, ndipo mbali yolowa mu power supply ndi yofanana.

Tsiku lolumikiza linanditengera masana onse. Pa AM4 mapini ali pa purosesa penipeni, osati mu soketi, ndipo ndi osalimba. Pali kachizindikiro kagolide ka makona atatu pakona imodzi, kofunika kulunjika ndi kanzake ka pa soketi. Mukalunjikitsa bwino, purosesa imangogwera yokha, simukankha. Nditayatsa koyamba mafani anazungulira koma sikirini inali bii. Ndinali nditalowetsa HDMI kumbuyo kwa motherboard, ndipo popeza 5600 ilibe chithunzi chakechake, malo amenewo sagwira ntchito. Waya alowe pa graphics card.

RAM mugule timitengo tiwiri ta 8 GB, osati kamodzi ka 16 GB, kuti ziyende pa dual channel (njira ziwiri nthawi imodzi), ndipo pa motherboard ya malo anayi nthawi zambiri timalowa pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa. Kabuku ka motherboard kamanena. RAM yanga ndi ya liwiro la 3200, koma mwezi wathunthu inkayenda pansi pa liwiro limenelo chifukwa sindinayatse XMP mu BIOS, imene imalola RAM kuyenda pa liwiro lolembedwa pabokosi. Funsaninso wogulitsa ngati BIOS ya motherboard ikuidziwa kale Ryzen 5000, chifukwa ma motherboard ena amene anakhalitsa m'sitolo amafuna kusinthidwa kaye. Yanga inabwera yokonzeka.

SSD ya 1 TB musaichepetse. Magemu ena amapitirira 100 GB limodzi, ndipo ndi mtengo wa mabandulo athu, kufufuta gemu kuti mudzaikopenso mawa n'kuwotcha ndalama.

Kesi ndinasankha ya maukonde kutsogolo, ndinasiya ya galasi ndi magetsi amitundumitundu imene maso anga ankaifuna. Mu October, dzuwa litakwiya ndipo malata akutentha, ndinaona phindu lake: mpweya umalowa kutsogolo n'kutulukira kumbuyo, ndipo sindinaonepo gemu ikufooka chifukwa cha kutentha. Fumbi lokha ndilo losagonja. Kompyuta musaiike pansi, ndipo kasefa ka kutsogolo ndimakachotsa n'kukakuntha pakatha masabata awiri m'chilimwe.

Purosesa ndikuipatsa nyenyezi 5, khadi 5 pa ntchito ya 1080p imene linapangidwira. Chimene ndikusungira ndalama pano ndi monita ya 144Hz, chifukwa mu Counter-Strike 2 khadili likutulutsa zithunzi zambiri kuposa zimene monita yanga ingathe kuonetsa. Pambuyo pake ndidzaona za Ryzen 7 5700X3D, imene imalowa mu soketi yomweyi popanda kusintha motherboard kapena RAM.