Mndandanda ukatalika kuposa sikirini: curses, Textual, Bubble Tea kapena Ratatui?

Nyengo yokolola mpunga ikafika kuno ku Nkhotakota, ntchito yolemba matumba a kagulu kathu ka alimi imagwera ine: dzina la mlimi, mudzi wake, makilogalamu amene wabweretsa, ndi ngongole ya feteleza ngati ilipo. Zonsezi zimasungidwa mu Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kamene kamakhala kunyumba yosungira mpunga, ndipo ndimalowamo ndi SSH, njira yogwiritsira ntchito kompyuta uli kutali, pa netiweki ya foni. Pamenepo palibe za zithunzi, ndi terminal basi, zenera la malemba okhaokha. Zenera lake nthawi zambiri limatseguka ndi mizere 24 ya zilembo 80, muyezo wa makina akale monga VT100 ya 1978. Mukaika mutu pamwamba ndi chiwerengero cha matumba pansi, alimi ooneka amatsala 22. Enawo muwafikira bwanji, mutu ndi chiwerengero zili chikhalire pamalo pake? Ndayesa zida zinayi zolembera mapulogalamu a mu terminal, ndipo kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi: ndani amasunga nambala yonena mzere umene mwafikapo, inuyo kapena chidacho?

Ndinayamba ndi curses chifukwa pa Linux imabwera limodzi ndi Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, bandulo simuikhudza n'komwe. Njira yake ndi pad. Ganizirani mphasa yaitali yoyalidwa kuseri kwa zenera laling'ono: mayina onse mumalemba pamphasapo, kenaka n'kumaikoka kuti gawo lina lionekere. Lamulo la refresh limafuna manambala asanu ndi limodzi. Awiri oyamba amanena poyambira pa pad, anayi enawo ndi ngodya ziwiri za malo a pa sikirini. Kutsika mzere umodzi ndi kuwonjezera 1 pa nambala yoyamba, kwatha. Netiweki ikamavuta, curses ndiye imapirira, poti inapangidwa m'masiku a mawaya ochedwa ndipo imatumiza zilembo zokhazo zimene zasintha.

Koma katundu yense mumasenza nokha. Wina akachepetsa zenera, ngodya zanu n'kugwera kunja kwa sikirini, pulogalamu imagwa pomwepo, pokhapokha mutamvera KEY_RESIZE, chizindikiro chakuti zenera lasintha kukula, ndi kuwerengeranso. Kuti munthu asapyole mzere womaliza, malire mumaika ndinu. Pa makina ambiri pad siipitirira mizere 32,767, choncho kaundula wa zaka zingapo sangalowe yense. Palinso lina lotikhudza ife: chilembo cha ŵ. Ngati simunayale poyamba locale, imene imauza pulogalamu mtundu wa zilembo, kapena ncurses yanu (curses ya pa Linux) si ija ya Unicode yodziwa zilembo ngati chimenechi, dzina la mlimi limatuluka lophwanyika. Munthu akaona dzina lake lalakwika amayamba kukayikiranso makilogalamu, ndipo sindimuimba mlandu.

Textual, chida cha Python chimene anayambitsa Will McGugan, imakulandirani katunduyo. Zinthu mumaziika mu VerticalScroll, bokosi losuntha chotsika ndi chokwera, mutu n'kuumangirira pamwamba ndi dock, gawo la pakati n'kulipatsa 1fr kuti lidye malo onse otsala. Mivi ya pa kiyibodi, PageDown, gudumu la mausi ndi kamzere kosonyeza pamene muli, zonse zimabwera zokonzeka. Zenera likasintha kukula, imadziwerengera yokha. Zimene zinanditengera masabata awiri mu curses ndinazimaliza madzulo amodzi.

Anzanga, apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ambiri tingapunthwe pamwala womwewo. Poyamba mlimi aliyense ndinam'patsa Label yakeyake mkati mwa VerticalScroll. Ali ochepa zinkayenda bwino. Atachuluka, Pi inayamba kutsimphina, chifukwa widget iliyonse, kachidutswa ka pa sikirini monga Label ija, imafuna kuyezedwa ndi kupatsidwa malo ngakhale isakuoneka. Mankhwala ake ndi DataTable, imene ndi widget imodzi yokha ndipo imajambula mizere yooneka basi, mutu wa tebulo uli pomwepo. Lachiwiri ndi lakuti Textual imatsetsereka mofewa potsika, ndipo kufewako ndi zithunzi zambiri zodutsa pa netiweki. Muli ku Dwangwa kapena ku Benga siginolo ikubwera n'kumapita, ikani TEXTUAL_ANIMATIONS ikhale none, mudzaona kupepuka. Chotsalira n'chakuti imafuna kuikidwa pa kompyuta iliyonse yatsopano ndi pip, choikira zida za Python, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimafuna intaneti.

Apa m'pamene Bubble Tea imaposa. Ndi ya chiyankhulo cha Go, yochokera ku kampani ya Charm, ndipo pulogalamu yomalizidwa imakhala fayilo imodzi. Mumaimanga pa laputopu yanu, kusintha GOARCH, yonena mtundu wa purosesa, kuti igwirizane ndi Pi, kuiika pa fulashi, kukwera kabaza, kukakopera. Kumeneko sikufunika kukoka kalikonse. Kusuntha mndandanda kuli mu viewport, kazenera koonetsa gawo la malemba kochokera mu Bubbles, gulu la zidutswa zokonzeka za Bubble Tea: mumaipatsa malemba onse ndi SetContent, iyo n'kumasunga pamene muli. Kutalika kwake kokha ndiko mumawerengera nokha. Uthenga wa WindowSizeMsg, wonena kukula kwa zenera, ukafika, chotsani kutalika kwa mutu ndi kwa mzere wa pansi, chotsalacho mupatse viewport. Mukaphonya ndi mzere umodzi, mutu umakankhidwira kunja. Komanso viewport imadziwa mizere, osati alimi. Ndemanga yaitali yonena kuti wina adzalipira akagulitsa usipa ikapindidwa n'kukhala mizere itatu, mzere wa 40 sakhalanso mlimi wa 40. Ngati mukufuna kusankha munthu ndi kusintha makilogalamu ake, tengani table kapena list ya mu Bubbles momwemo.

Ratatui sindinakhalitse nayo. Ndi ya chiyankhulo cha Rust, inaphuka kuchokera ku tui-rs mu 2023, ndipo ndi yachangu zedi. Nambala ya pamene muli imakhala mu pulogalamu yanu: TableState ndi ListState zimathandiza kuti mzere wosankhidwa uzioneka, koma Scrollbar imangojambula, batani lililonse mumalilumikiza nokha. Wodziwa kale Rust aikonda. Kuphunzira Rust chifukwa cha mndandanda wa matumba, mpunga ukudikira pasikelo, ine ayi.

Ndipo ngati mukungofuna kuwerenga osasintha kanthu, musamange chilichonse. Tumizani mndandandawo ku pulogalamu yowerengera malemba ya less -S, imene imatsika, imakwera, imapita m'mbali, ndi kufufuza dzina mukadina /.

Kwathu ndasiya Textual ndi DataTable pa Pi ya kunyumba ya mpunga, chifukwa achinyamata awiri amene ndikuwaphunzitsa amadziwa Python ndipo angathe kuikonza ine ndikadwala. Kagulu ka ku Salima kamene kanapempha pulogalamu yomweyo kali ndi makompyuta atatu osiyana, opanda intaneti yodalirika. Awo ndikuwalembera ya Bubble Tea, ndipo fulashi ndikapereka ndekha Loweruka.