eSHa EXIT ndi timawanga toyera pa betta ya mwana wanga

Mankhwala awa amagwira ntchito, koma amafuna munthu woleza mtima, woti asathamangire kuthira ena atangoona kuti nsomba sinasinthe m'mawa mwake. Ndi a eSHa EXIT, ochiza matenda a timawanga toyera pa nsomba zoweta m'thanki, opangidwa ku Netherlands, ndipo kuno ku Leicester, ku England, amapezeka m'masitolo ambiri ogulitsa nsomba zoweta. Kabotolo kake ndi ka mamililita 20, kokwanira madzi malita 1,000. Thanki yathu ndi ya malita 20 okha, ndiye kaya tidzawamaliza liti.

Nsombayo ndi ya mwana wanga wamkazi, betta yamphongo yofiira yomwe anaipatsa dzina loti Chambo, ngakhale sanaonepo chambo chamoyo chibadwire. Inayamba ndi kudzikhula pa miyala ndi pa masamba, kenaka inapinda zipsepse n'kumakhala pakona, chakudya osachifuna. Betta yabwinobwino imakhala yamatama, ukaiyandikira imatambasula zipsepse zonse, ndiye ikafooka sipafunika wokuuza. Posakhalitsa panatuluka timawanga toyera ngati mchere wowaza, poyamba pamchira, kenaka thupi lonse.

Matendawa Azungu amawatcha white spot kapena ich. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis, ndipo wogula mankhwalawa ayenera kudziwa moyo wa kachilomboka, apo ayi adzawanyoza chabe. Kawanga kalikonse mukukaonako ndi kachilombo komwe kalowa pansi pa khungu la nsomba, ndipo kali momwemo mankhwala sakafika. Kakakhuta kamagwera pansi pa thanki, kamadzikuta, n'kugawikana kukhala tizilombo mazanamazana. Timeneti tikatuluka kukasaka nsomba, m'pamene mankhwala amatipha. Choncho tsiku loyamba, ngakhale lachiwiri, timawanga timatha kuchuluka m'malo mochepa, chifukwa tomwe tinalowa kale m'khungu tikungokula kumene. Mwana wanga analira kuti mankhwala ndi abodza. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, dikira, akupha za m'madzi, osati zomwe ukuonazo."

Mlingo wake ndi wa madontho: pa malita 100, madontho 20 tsiku loyamba, 10 lachiwiri, 10 lachitatu. Kwa ife ndiye kuti anayi, awiri, awiri. Ichi ndiye chinandisangalatsa kwambiri, chifukwa mankhwala ena amayezedwa ndi chitsekerero cha botolo, zomwe zimayenera mathanki aakulu a mbuna zija zakwathu ku nyanja zomwe Azungu amazikonda kuno, osati kathanki ka betta imodzi. Muwerengere madzi omwe alimodi, chifukwa miyala ndi mchenga zimadyako malo. Ine ndimadonthezera kaye m'kapu ya madzi a m'thanki momwemo, ndikatakasa, kenaka n'kuthira pang'onopang'ono. Dzanja likanjenjemera n'kugwa dontho lowonjezera, umangotaya za m'kapuzo.

Mkati mwake muli utoto, wina ndi uja amati malachite green, ndiye madzi amasintha mtundu kwa kanthawi. Musadonthezere pa nsalu ya patebulo. Ndipo ngati m'fyuluta yanu, sefa ya madzi a m'thanki, muli timakala takuda tija toyeretsa madzi, tichotseni musanayambe, chifukwa timayamwa mankhwala onse, inu n'kumangothira pachabe.

Chomwe botolo silingakuchitireni ndi kutenthetsa madzi. Betta ndi nsomba yochokera ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo, ya m'madambo ndi m'minda ya mpunga, ndipo imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Nyumba za kuno mu Januwale, zotenthetsera zikazima usiku, madzi amazizira kuposa pamenepo. Kusitolo ina komwe tinagula nsombayi anatiuza kuti betta imakhala bwino m'kambale kagalasi popanda hita, chotenthetsera madzi. Zimenezo ndi zogulitsira malonda basi. Kuzizira pakokha sikubala kachilomboka, iko kamabwera ndi nsomba yatsopano kapena zomera zochokera m'thanki ya nsomba zodwala, ndipo kwathu ndikukhulupirira kuti kanalowa ndi zomera zomwe tinali titangogula. Koma nsomba yozizidwa ilibe mphamvu zolimbana nako. Ndinakweza hita pang'onopang'ono kufika pa 28. Madzi ofunda amafulumizitsa tizilomboto kuti tichoke m'khungu msanga n'kukumana ndi mankhwala akadali amphamvu. Madzi ofundawo amakhalanso ndi mpweya wochepa, koma betta ili ndi chiwalo chopumira mpweya wa pamwamba, ndiye musiye mpata pakati pa madzi ndi chivundikiro kuti izitha kukwera kukapuma.

Sabata isanathe timawanga tonse tinali titapita, ndipo Chambo anayambanso kulanda chakudya chisanafike n'komwe pamadzi. Nditamaliza mankhwala ndinasintha gawo la madzi, ndikukoka zinyalala za pansi ndi kapaipi, ndipo atsopanowo ndinawathira kaye mankhwala ochotsa klorini wa m'madzi a pampopi.

Kodi ndingauze mnzanga kuti agule? Eya, ngati chomwe akuona ndi timawanga toyera towerengeka timodzitimodzi. Ngati zipsepse zikunyenyeka m'mphepete n'kumada, amenewo ndi matenda ena, a mabakiteriya, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi madzi akuda. Yambani ndi kusintha madzi pafupipafupi. Ngati mimba yatupa mpaka mamba kuimirira, nsombayo yadwalira m'kati, botolo ili silingaithandize. Ndipo ngati thanki yanu ilibe hita, ndalama yoyamba ipite ku hita ndi choyezera kutentha, mankhwala abwere pambuyo.