Excel, Kobo, Frappe HR kapena BambooHR: mvula ikagwa, antchito atsopano tiwalandire ndi chiyani?

Amene tili m'maofesi olemba anthu ntchito kuno ku Thyolo ndi Mulanje timaudziwa mwezi wa Disembala. Mvula ikangokhazikika tiyi amaphuka msanga, ndipo m'mawa pageti pamakhala mzere wa anthu ofuna kuthyola, ena achokera ku Luchenza, ena ku Bvumbwe, aliyense chiphaso m'manja. Sabata yomweyo mwina mukulandiranso kalaliki mmodzi ndi makaniko wa kufakitale. Amenewa ndi magulu awiri osiyana kwambiri, koma ogulitsa mapulogalamu a HR, oyendetsera nkhani za antchito, amalankhula ngati onse ndi amodzi. Kalaliki ali ndi imelo ndi foni yaikulu. Mayi wothyola tiyi ali ndi foni ya mabatani, mwinanso ndi ya mlamu wake. Pulogalamu iliyonse ndimayamba kuiyesa ndi mayi ameneyu.

Ntchito yolandira wantchito watsopano ndi yodziwika. Employment Act ya 2000, lamulo la zantchito, imafuna kuti munthu alandire chikalata chofotokoza za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni. Wa ntchito yaluso atha kuikidwa poyesedwa, koma osapitirira miyezi 12. Wolowa penshoni amadulidwa 5 peresenti, abwana n'kuikapo 10. Pali PAYE, msonkho wodulidwa pamalipiro, wa ku MRA kwa amene malipiro awo afika pamlingo wa msonkho. Kenako zapansi: nambala ya chiphaso cha unzika, zaka zobadwa kuti mwana asalowe m'munda, wachibale woti adziwitsidwe pakagwa ngozi, nambala ya Airtel Money, Mpamba kapena akaunti ya kubanki, kapitawo amene munthuyo akamugwirire, dengu ndi chovala cha mvula zomwe wasainira.

Ambirife tinayambira pa Excel ndi faelo ya mapepala, ndipo sindiinyoza. Simafuna netiweki, magetsi akathima laputopu imapitirira, aliyense muofesi amaidziwa. Koma Excel siikana kanthu. Chaka china pamalo pomwe ndinkagwira tinali ndi abambo awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi, a mudzi umodzinso. Makilogalamu a wina analowa kwa mnzake masabata awiri, mpaka mwini wake anabwera ndi kapepala ka kusikelo ali m'maso gwa. Vuto linali lathu: tinkalemba mayina osati nambala ya chiphaso, ndipo faelo yomweyo inali ndi makope atatu pa mafulashi atatu. Ngati mumalemba anthu ochepa pachaka, Excel yokhala ndi mwini mmodzi ikukwanirani. Anthu akachuluka imayamba kunama mwakachetechete.

Apa ndi pamene KoboToolbox inanditenga mtima, ngakhale kuti si pulogalamu ya HR n'komwe. Anthu a mabungwe amaidziwa chifukwa cha kalembera ndi kafukufuku. Mumapanga fomu pakompyuta, n'kuitsitsira mu KoboCollect pafoni ya Android, basi kalaliki akhoza kukakhala pansi pa mtengo ku divishoni, chigawo cha esiteti, komwe netiweki kulibe, n'kumalemba anthu tsiku lonse. Zolembedwazo zimadikira mufoni mpaka akafike pamene pali intaneti. Mafunso mutha kuwalemba m'Chichewa. Mutha kuitchera fomuyo kuti ikane kupitirira ngati zaka sizikukwana 18 kapena ngati nambala ya foni yaperewera. Imajambula nkhope, imalandira siginecha ya chala pagalasi la foni, ndipo imawerenga QR, kachizindikiro ka timadontho kosunga uthenga, kotero chiphaso cha unzika cha ku NRB mumangochiloza kamera m'malo mokopera manambala ndi dzanja. Amene munakoperapo ziphaso kuyambira 6 koloko mpaka dzuwa kupendeka mukudziwa kuti pofika masana 0 ndi O zimakhala mapasa.

Kufooka kwake kuli pambuyo pa kulemba. Kobo imatola, siikumbutsa. Siikuuzani kuti uyu sanalandire kontirakiti ndipo mwezi ukutha, kapena kuti nthawi yoyesedwa ya makaniko yakwana. Zonse mumazitulutsa kupita ku Excel, ndipo muyenera kukhala ndi munthu wozilowetsa mu pulogalamu ya malipiro. Komanso gawo lake laulere lili ndi malire, ndipo kampani yochita malonda iyambe yawerenga zomwe ikuloledwa isanadalirepo.

Za kukumbutsazo ndiye ntchito ya Frappe HR ndi OrangeHRM, onse awiri otheka kuikidwa pa seva yanu, kompyuta yosungira zonse, popanda kugula laisensi. OrangeHRM ndi yosavuta kuizolowera: mbiri ya wantchito, tchuthi, ofunsira ntchito, zonse zili poyera. Kwa sukulu yapulaiveti ku Chitakale kapena loji ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje ndi yokwanira, kungoti zambiri zokometsera kalandiridwe ka watsopano zili ku gawo lolipira. Frappe HR, yochokera ku India ndipo imayenda limodzi ndi ERPNext, pulogalamu yoyendetsera bizinesi, ili ndi gawo lolandirira antchito atsopano m'kati momwemo. Mumakonza ndondomeko kamodzi, mwachitsanzo ya wa kufakitale: wa sitolo apereke magambuti ndi ovolosi, wa zachitetezo amuonetse makina oti asawayandikire, wa malipiro amulowetse ku penshoni. Munthu akalembedwa, aliyense mwa amenewa amalandira ntchito yake, ndipo inu mumaona amene wagona nayo. Malipironso imawerengera, koma magawo a PAYE mumaika nokha, ndipo akasintha mu bajeti muyenera kukumbukira nokha kuwasintha.

Musapusitsidwe ndi mawu akuti yaulere. Seva imafuna magetsi osadukaduka, munthu woisamala, ndi kope losungidwa kwina. Amene tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023, misewu itaduka ndi magetsi atapita masiku, sitifunika kuuzidwa kuti kompyuta imodzi m'chipinda chimodzi si posungira mbiri ya anthu. Ngati mnyamata wa IT ndi mmodzi ndipo mawa wapeza ntchito ku Blantyre, Frappe HR yanu yasanduka mwana wamasiye.

BambooHR ndi yokongola, ndisaname. Watsopano amalandira imelo asanafike n'komwe, amadzaza mbiri yake yekha, amasainira mapepala pakompyuta, tsiku loyamba amafika zonse zili m'malo. Kwa bungwe lomwe antchito ake onse ali ndi malaputopu ndipo ndalama zimabwera m'madola, palibe chodandaula. Koma khomo lake ndi imelo, ndiye mayi wa foni ya mabatani uja alowera pati? Imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja potengera chiwerengero cha antchito, ndipo ife chiwerengero chimafufuma nyengo ya mvula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu iliyonse ya m'madola inakwera tsiku limodzi, osanenanso za kuvuta kopeza madolawo kubanki. Gawo lake la malipiro ndi la ku America, kotero kuno mudzafunabe pulogalamu ina ya malipiro. Zoho People ndi yotsikirapo mtengo ndipo ndi yaulere kwa anthu osapitirira 5, koma nayonso imayembekezera wantchito wokhala ndi imelo ndi bandulo.

Pali nkhani ina yomwe timaiponda: ziphaso za anthu. Kujambula chiphaso n'kuchiponya pagulu la WhatsApp la akapitawo n'kofulumira, ndipo tonse tinachitapo. Koma kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act, lamulo loteteza mbiri ya anthu, lomwe MACRA ikuyang'anira, ndipo zithunzi zimenezo zimatsala m'mafoni a anthu ngakhale atasiya ntchito. WhatsApp isiyireni zolengeza, monga tsiku la maphunziro kapena ola lonyamukira thirakitala.

Ndiye ine ndikanapatsidwa esiteti lero, sindikanagula pulogalamu imodzi ya onse. Antchito apanyengo ndikanawalemba ndi Kobo kumunda komweko, nambala ya chiphaso ikhale dzina lawo m'kompyuta, kuti wobweranso chaka chamawa tisamamulembe ngati mlendo. Okhazikika ndikanawaika mu Frappe HR, pokhapokha nditapeza anthu awiri oidziwa, apo ayi OrangeHRM. Ndalama zomwe zikanapita ku madola ndikanagulira mafoni atatu a Android, mabatire osungira moto, ndi pulinta yolimba, chifukwa kontirakiti ya m'Chichewa iyenera kufika m'manja mwa munthu ili papepala, kapitawo n'kuiwerenga mokweza kwa amene kuwerenga kumawavuta, pena n'kumasulirako m'Chilhomwe kwa achikulire, asanakapatsidwe dengu.