Mabuleki a Brembo: ku Kaguvi Street kapena pa Facebook?

Achimwene, ngati mukugulitsa makalipa (zida zopana disiki ya mabuleki) a Brembo ochotsa pa Subaru WRX STI, agolide aja a mapisitoni 4 kutsogolo, njira zilipo ziwiri. Ku Kaguvi Street, msewu wa ku Harare wodziwika ndi malonda a zida za galimoto, madola mumalandira tsiku lomwelo, koma ogula kumeneko anazolowera zida za Honda Fit ndi makombi (maminibasi), ndiye mtengo amaugwetsa kwambiri.

Pa Facebook mumadikira, mwina milungu ingapo. Komatu kumeneko n'kumene mumapeza anyamata othamangitsa galimoto ku Donnybrook (bwalo la mpikisano wa galimoto ku Harare), odziwa chimene akugula. Amakankha pisitoni iliyonse ndi chala, amayang'ana ngati marabala akudontha mafuta, kenako amayeza disiki poyerekeza ndi nambala yolembedwa m'mphepete mwake, yosonyeza malire a kutha kwake. Ine ndimasankha kudikira. Musanajambule, tsukani fumbi lakuda lija, ndipo disiki ikakhala ndi mng'alu muwauziretu.