Madzi achepa thonje lisanakhwime: tithirire munda wonse, tilumphitse ngalande, kapena tisiye ndime zina?

Thonje lambiri la kuchigwa cha Shire ndi lodalira mvula, koma alipo anzathu ku Chikwawa ndi Nsanje amene ali ndi pampu ya sola kapena ya injini pafupi ndi mtsinje kapena chitsime. Mvula ikadula msanga mu Malichi, iwowa amathirira kuti zibalobalo zimalize kukhwima. Mutu umaima chitsime chikayamba kuphwa, mafuta a injini akutha, munda wonse ukulira ludzu.

Tiyambe ndi kuchuluka kwa ludzulo. Pamene thonje lili pachimake pa maluwa, kumalo otentha ngati kwathu kuno limamwa mamilimita 6 mpaka 8 patsiku. Milimita imodzi pa ekala ndi malita pafupifupi 4,000. Ndiye tsiku la mamilimita 7 ndi malita 28,000, kapena kuti migolo 140 ya malita 200, pa ekala imodzi yokha. Amene madzi ake sakufika pamenepo ayenera kusankha.

Njira imene ambiri timathamangira ndi yogawa madziwo pang'onopang'ono munda wonse, kuti pasapezeke mzere wosalawako. Mtima umakhala pansi ukaona paliponse panyowa. Koma madzi ochepa amangonyowetsa pamwamba, dzuwa la ku Ngabu n'kuwamwa tsiku lisanathe, pamene mizu ya thonje imatunga pansi. Kumbani ndi khasu mawa lake, mudzapeza kuti kunsi kwa chikhatho chimodzi ndi fumbi lokhalokha. Mwa njira zonse, iyi ndi imene sindingalangize munthu, pokhapokha ngati mitambo yaonetsa kuti mvula ili pafupi ndipo mukungofuna kuchedwetsa kufota.

Kulumphitsa ngalande n'kwabwinoko. Mumathira ngalande imodzi n'kusiya yotsatira, ulendo winawo n'kusinthanitsa. Mtengo uliwonse umamwa mbali imodzi, madzi amalowa mozama, ndipo pouma pamakhala popondapo popopera mankhwala. Njirayi imakonda dothi lapakatikati. Pamchenga madzi amangotsika osafalikira m'mbali, mzere wina n'kutsala ndi ludzu. Pamakande ong'aluka madzi amathamangira m'ming'alu kukafika kungalande imene munaisiya, ndiye kupulumutsa kwake sikukhala kwakukulu monga munayembekezera. A pamakande musadikire kuti ming'alu ikule mpaka kulowa dzanja, chifukwa pamenepo imameza madzi ochuluka asanafike kumapeto kwa mzere.

Njira yachitatu ndi yowawa mtima, koma ndi imene ine ndimaikira kumbuyo: kusiya ndime zina n'kukhutitsa zina. Nkhani yagona pa kusankha bwino, ndipo chosankhira si kukongola kwa masamba koma msinkhu wa zibalobalo. Kuchokera pa duwa mpaka chibalobalo kuphulika pamapita masiku 50 kapena 60. Kachibalobalo ka masiku osapitirira 14 sikachedwa kuyoyoka mtengo ukamva ludzu. Mudzatiwona timbulumbulu tachikasu titamwazika pansi pa mzere. M'masabata atatu oyamba ndi mmene ulusi umatalika, masabata otsatirawo ndi mmene umanenepa n'kulemera. Ludzu loyambirira limakupatsani thonje lochepa komanso la ulusi waufupi, ludzu la pambuyo limakupatsani thonje lopepuka pasikelo. Choncho ndime imene yadzaza zibalobalo zanthete ndiyo yoyamba kumwa. Ndime imene zapansi zaphulika kale ndipo zam'mwamba zalimba ingathe kumaliza ndi chinyezi chotsala m'nthaka, makamaka pamakande amene amasunga madzi. Ndime yopinimbira, ya mapando ambiri opanda mbewu kapena imene mbozi zinadyamo kale, isiyeni ndithu, musaimvere chisoni.

Pali kanthu kena kothandiza posankhapo. Yang'anani duwa loyera la pamwamba kwambiri, loyandikana ndi thunthu, n'kuwerenga mfundo zimene zili pamwamba pake. Zikatsala zisanu kapena kucheperapo, mtengowo watsala pang'ono kuleka kubereka. Maluwa otuluka pambuyo pake kawirikawiri sabweretsa thonje lodzaza dzanja, ndiye musawonongere mafuta pothamangitsa iwowo.

Mukafunsa kuti yoposa ndi iti, ndinganene kuti zimatengera kufanana kwa munda. Ngati munadzala tsiku limodzi, dothi ndi limodzi, ndipo madzi angoperewera pang'ono, lumphitsani ngalande. Ngati munadzala mosiyanitsa masiku, monga zimakhalira mvula yoyamba ikanyenga n'kubwerezanso kudzala, kapena madzi atsala osafika theka la ofunika, sankhani ndime. Palibenso choletsa kuphatikiza ziwirizi. Thirirani madzulo kapena mmamawa, ndipo udzu usapezeke m'mizere imene mwasankhayo.

Nanga kuleka kwake? Apa ena amalakwitsa mbali inayo. Akaona madzi atsalako amapitiriza kuthira mpaka thonje layera, mtengo n'kuyamba kuphukanso masamba anthete. Masambawo amaitana nsabwe za m'masamba, zimene manthova ake amamatitsa ulusi, chinyezi n'kuwoletsa zibalobalo zapansi, ndipo thonje loyenera giredi A limakagulidwa ngati B. Pothirira m'ngalande padothi losunga madzi, kuthira komaliza kumagwa nthawi imene zibalobalo zoyamba zayamba kuphulika. Pamchenga mungawonjezere kamodzi kopepuka. Kuti mutsimikize, thyolani chibalobalo cham'mwamba chimene mukuyembekeza kukolola, muchidule ndi mpeni wakuthwa. Chikadulika mosavuta, njere zili zofewa ngati phala, chikufunabe madzi. Chikakanirira mpeni, ulusi n'kumakokeka ngati zingwe, khungu la njere litayamba kuda, chakhwima, ndipo madzi otsalawo mukhoza kupititsa kudimba la chimanga kapena la masamba.